Ludzu la Ana a Mary Livingstone

Nkhani yokambidwa kwa mafumu, aphunzitsi ndi akuluampingo ku Msumba, m'boma la Lago, ku Niassa

 Ndikuthokoza kuti mwasiya makoka ndi minda ya chinangwa kudzamva nkhani yakale. Ena mwapalasa bwato kuchokera ku Ngoo ndi ku Chia, ena mwalawirira kuchokera ku Metangula. Mulungu akubwezereni mphamvu.

Dzina la David Livingstone palibe pano amene salidziwa. Ana asukulu amaloweza kuti anafika panyanja ino mu Seputembala 1859. Akuluakulu a mpingo wa Anglican amadziwanso kuti mawu amene anayankhula ku Cambridge mu Disembala 1857 ndiwo anabala mishoni ya UMCA, imene inadzakhazikika pa Likoma mu 1885 n'kumanga matchalitchi ndi masukulu pagombe lino. Koma njira imene inamufikitsa kuno sinayambire pabwato. Inayambira m'ngolo yokokedwa ndi ng'ombe, m'dziko limene munthu angayende masiku anayi osaona dontho la madzi, ndipo m'ngolomo munali mayi woyembekezera ndi ana atatu, wamkulu wa zaka zisanu zokha. Lero tikamba za iwowa, ndi za eni dziko amene ankawapezera madzi. Ndiwo anasenza katundu wa ulendo umene ulemu wake unapita kwa munthu mmodzi.

Tiyambe ndi dzikolo, chifukwa ife obadwira m'mphepete mwa madzi limativuta kulimvetsa. Kalahari si mchenga wokhawokha. Kuli udzu, kuli zitsamba zaminga, ndipo chakumpoto kuli nkhalango za tsanya ndi milambe ikuluikulu. Chimene kulibe ndi madzi oyenda pamtunda. Mchenga wake ndi wakuya, mvula ikagwa imangolowa pansi osasiya ngakhale khwawa. Ndi dziko lokwera, pafupifupi mamita 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere, pamene nyanja yathuyi siifika mamita 500. Masana a Okutobala mchenga umawotcha mapazi a ng'ombe, koma usiku wa Juni ndi Julaye madzi amene mwasiya panja amatha kuundana ndi chisanu.

Kumpoto chakum'mawa kwa dziko limene lero ndi Botswana kuli zigwa zachikungu zotchedwa Makgadikgadi. Zazikulu ndi ziwiri, Sua ndi Ntwetwe. Kalekale pamenepo panali nyanja yotambalala kuposa yathuyi. Nthaka itasuntha, mitsinje imene inkathira m'menemo inapatukira kwina, nyengo inauma, nyanjayo n'kuphwa zaka zikwizikwi zapitazo. Mwina wina akufunsa mumtima kuti mcherewo unachokera kuti, poti nyanja yamchere ili kutali. Madzi a mtsinje uliwonse, ngakhale a Lunho amene timamwa ife, ali ndi kamchere kosuluka m'miyala, kochepa kwambiri moti lilime silikamva. Nyanja yathu ili ndi potulukira, Shire amanyamula madzi pamodzi ndi kamchereko kupita ku Zambezi. Chiuta ndi Amaramba nawonso amatulukira mu Lugenda. Koma nyanja yopanda potulukira madzi ake amatengedwa ndi dzuwa lokha, ndipo dzuwa likatenga madzi mchere limausiya pomwepo. Amene munafikako ku Chilwa mwaona chiyambi cha zimenezi. Chilwa alibe mtsinje wotuluka, madzi ake amamveka mchere, anaphwa mu 1968 ndi mu 1995, ndipo makolo a m'mbali mwake ankatcheza mchere kudothi lake. Makgadikgadi ndi kumene nkhani yotere imakathera.

Pamwamba pa zigwazo pali chouma choyera, chong'alukang'aluka ngati nkhoko za mumphika wa nsima. Pansi pake pali matope amchere amene sauma chaka chonse. Gudumu likaboola pamwambapo limamira, ndipo ng'ombe zikamakoka zimangokumbira ngoloyo pansi. Palibe mtengo, palibe chulu, palibe chimene diso lingagwire. Livingstone anaona kuti pa Ntwetwe m'posalala moti munthu angayese nyenyezi monga amachitira amalinyero pakati pa nyanja. Mvula ikagwa bwino, mitsinje ya Nata ndi Boteti imathiramo madzi ofika m'kakolo, mbidzi ndi nyumbu zimabwera m'magulu, koma madziwo munthu sangamwe.

Tsopano banjalo. Mary anabadwa mu 1821 ku Griquatown, mwana woyamba wa Robert ndi Mary Moffat, amishoni a ku Kuruman. Anali mwana wa m'Afirika muno. Chitswana anachiyamwira, moyo wa m'ngolo anaudziwa ali wamng'ono, ankapanga yekha sopo ndi makandulo, buledi ankaphikira m'chulu chogoba, ndipo ankaphunzitsa sukulu ya ana aang'ono. Anakwatiwa ndi Livingstone mu Januwale 1845. Pofika 1847 anali ku Kolobeng, pafupi ndi pamene lero pali mzinda wa Gaborone, pakati pa anthu a Mfumu Sechele. Kumeneko mvula inakana zaka zotsatizana, mtsinje unaphwa, ndipo Mabunu a ku Transvaal ankaopseza Sechele chifukwa cha mfuti zake. Livingstone anaganiza zokafuna malo ena kumpoto, kwa Sebetwane, mfumu ya Amakololo. Pakati pa Kolobeng ndi Sebetwane panali chipululucho.

Ulendo woyamba, wa 1849, Mary ndi ana anatsala. Livingstone ananyamuka pa 1 Juni ndi alenje awiri, William Cotton Oswell ndi Mungo Murray. Namulondola wawo anali Ramotobi, munthu wokulira m'chipululu momwemo. Tamverani zimene zinachitika pamalo otchedwa Serotli. Anali ndi ng'ombe 80, akavalo 20 ndi anthu pafupifupi 20, ndipo madzi amene anapeza anali timadzi ta pakona pa dzenje, toti agalu akanatha kunyambita tonse. Ramotobi anati madzi alipo ambiri. Anakumba ndi mafosholo ndi manja mpaka dzenje lopitirira msinkhu wa munthu, ndipo eni dziko anawachenjeza kuti asaboole mchenga wolimba wa pansi, chifukwa ndiwo umagwira madzi, ukabooka onse athawira pansi. Anadikira, ndipo madzi anayamba kutsitsira kuchokera m'mbali. Nzeru imeneyi sinalembedwe m'buku lililonse limene azunguwo ananyamula.

Nzeru ya amayi a kumeneko ndiyo yoposa. Mayi amakumba mumchenga wonyowa mpaka mkono wonse utalowa. Amatenga bango lalitali ngati mkono, kumapeto kwake n'kumangako kamtolo ka udzu, n'kuliimika m'dzenjemo, n'kukwirira ndi kutsendera mchenga mwamphamvu. Kenako amayamwa. Udzu uja umasefa mchenga, madzi amakwera pang'onopang'ono kufika m'kamwa, ndipo kuchokera m'kamwamo amatsetsereka pa kaphesi kulowa m'chigoba cha dzira la nthiwatiwa chimene chili pambali. Mayi mmodzi ankanyamula zigoba 20 kapena 30 m'thumba la ukonde kumsana. Zikadzaza ankazitseka ndi udzu n'kukazikwirira pamalo odziwa yekha. Madzi a mudzi wonse ankadutsa m'kamwa mwa amayi. Inu amayi amene mumatunga madzi m'mawa uliwonse, ganizani ntchito imeneyo.

Apaulendo aja atatsala pang'ono kufooka ndi ludzu, Oswell anaona chinthu chikuthawa chowerama, anayesa chilombo n'kuchithamangitsa pa kavalo. Anali mayi wa mtundu wa Asan, amene azungu ankawatcha Bushmen. Mayiyo, ali ndi mantha, anawatsogolera mtunda wautali mpaka pa kasupe wa Nchokotsa, ndipo anamulipira nyama ndi mikanda. Dzina lake palibe amene analilemba. Pomwepo ndi pamene anaona chikungu koyamba. Mpweya wotentha wa pansi umapinda kuwala, thambo n'kumaoneka ngati lagona panthaka, ndipo iwo anaona nyanja ya buluu yokhala ndi mafunde ndi mithunzi ya mitengo. Oswell anaponya chipewa m'mwamba ndi chimwemwe poyesa kuti afika. Akavalo ndi agalu anathamangira komweko. Nyanja yeniyeni ya Ngami inali ikadali kutali makilomita mazanamazana, ndipo anakafika pa 1 Ogasiti potsata mtsinje wa Zouga, umene lero ndi Boteti. Mphoto ya bungwe la Royal Geographical Society inapita kwa Livingstone.

Mu Epulo 1850 anabwereranso, ulendo uno ndi banja lonse: Robert wa zaka zinayi, Agnes wa pafupifupi zitatu, Thomas wa chaka chimodzi, ndi Mary ali ndi pakati. Anafika ku Ngami, ana anasewera m'madzi, kenako malungo anagwira Agnes ndi Thomas, ndipo anabwerera osamuona Sebetwane. Atangofika ku Kolobeng, mu Ogasiti, Mary anachira mwana wamkazi, Elizabeth. Mwanayo anakhala milungu isanu ndi umodzi basi. Mary nayenso nkhope yake inafa mbali imodzi, ndipo anakamusamalira kwa makolo ake ku Kuruman.

Apongozi ake a Livingstone atamva kuti akukonzanso ulendo wachitatu, mwana wawo ali ndi pakati penanso, analemba kalata yowawa. Anamufunsa ngati kutaya khanda limodzi sikunakwane, ndipo anamupempha kuti asatengenso mayi woyembekezera ndi ana aang'ono atatu kulowa nawo m'chipululu. Makolo athu amati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Moto uwu sunazime. Kumapeto kwa Epulo 1851 ngolo zinanyamuka.

Oswell anatsogola kukakumbiratu zitsime, ndipo mpaka pa Zouga zinthu zinayenda. Atawoloka mtsinjewo anasiya njira ya ku Ngami n'kulunjika kumpoto, kudutsa pakati pa Ntwetwe. Malinga ndi muyeso wa Livingstone, pamene anadutsirapo panali makilomita pafupifupi 24 a mchere wokhawokha. Kutsidya kwake kunali akasupe ndi milambe, ndipo kumeneko anapeza namulondola wina, Shobo, wa mtundu wa Asan. Shobo sanawabisire. Anawauza kuti kutsogoloko angathe mwezi osaona madzi. Anapitabe. Poyamba anapeza zithaphwi za mvula, kenako analowa m'dziko la zitsamba zofanana mbali zonse, lopanda mbalame ngakhale tizilombo. Shobo anayamba kusokera. Ankatsata mapazi a njovu a m'dzinja uku ndi uku, ndipo m'mawa wa tsiku lachinayi ananena kuti sakudziwanso kanthu, n'kuzimirira.

Apa ndikupemphani mulowe m'ngolomo. Pansi pa chinsalu mukutentha. Timigolo ta madzi tatsala pang'ono kuuma, chifukwa mmodzi wa antchito anawataya mosasamala. Otsalawo asungira ana. Inu amayi mukudziwa kuti mwana wa zaka ziwiri sungamuuze kuti adikire mawa, ndipo madzi akamachepa m'pamene amawalirira kwambiri. Mary ali ndi mimba ya miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi, iyenso kukhosi kwauma. Livingstone mwini analemba kuti ankaopa kuona ana ake akufa iye akupenya, kuti kukanakhala bwino mkazi wake akanamukalipira, koma Mary sananene kanthu, misozi yokha inali m'maso. Anthu amene amayamikira ulendowu amakonda kunena za kufatsa kumeneko ngati ukoma wa mkazi wabwino. Ine ndikakuwerenga ndimaona mayi amene chenjezo la amayi ake linali litakanidwa kale, ndipo analibenso woti amuuze.

Chimene chinawapulumutsa ndi nyama. Cha m'ma 11 koloko tsiku lachinayilo anaona mbalame, kenako mapazi a chipembere. Anamasula ng'ombe m'magoli, ndipo zinathamangira kumadzulo, anyamata oyendetsa ngolo akuzitsata ndi zotungira. Usiku wonse kunali zii. Madzulo a tsiku lachisanu anyamatawo anabwera ndi madzi a mumtsinje wa Mababe. Shobo anakamupeza komweko ali moyo. Ng'ombe zija pofuna madzi zinadutsa m'nkhalango ya kashembe, ndipo zambiri zinadzafa. Kumadzi kumene anakuthamangira kunali udzudzu woti matupi a ana anatupa osasiya poika chala. Tikumbukire kuti nthawi imeneyo panalibe amene ankadziwa kuti malungo amabwera ndi udzudzu, zimenezo zinadzadziwika mu 1897.

Mu Juni anakumana ndi Sebetwane pa mtsinje wa Chobe. Mfumuyi nayo inali ya paulendo. Inathawa ndi anthu ake kuchokera kumwera m'zaka za m'ma 1820, m'chipwirikiti chomwecho chimene chinabweretsa Angoni kunyanja kuno, ndipo inawolotsa akazi, ana ndi ng'ombe m'chipululu chomwecho. Inawalandira bwino alendowo, makamaka poona kuti mzunguyu wabwera ndi mkazi ndi ana, chizindikiro chakuti sanadzere nkhondo. Koma pasanathe milungu itatu inadwala chibayo. Mawu omaliza amene Livingstone anamva kwa iyo anali olamula kuti kamnyamata kaja, Robert, apite nako kwa mmodzi wa akazi ake akakapatse mkaka. Inamwalira pa 7 Julaye 1851.

Livingstone ndi Oswell anasiya Mary ndi ana pa Chobe n'kupitirira pa akavalo mpaka ku Sesheke, kumene mu Ogasiti anaona Zambezi. Kumeneko anamvanso kuti amalonda otchedwa Mambari, ochokera ku Angola, anali atayamba kugula anyamata ndi mfuti, mfuti imodzi mnyamata mmodzi. Kuyambira pamenepo maganizo ake anali pa mtsinjewo, kuti ukhale njira ya malonda abwino ophera malonda a anthu. Cholinga chimenecho sitingachinyoze ife a pagombe lino, pamene zombo za Jumbe zinkatsitsa akapolo ochokera ku Nkhotakota kuti ayambe ulendo wapansi wa ku Kilwa.

Pobwerera, pa 15 Seputembala 1851, Mary anachira mwana wamwamuna m'mbali mwa Zouga. Anamutcha William Oswell, koma pakhomo ankangoti Zouga. Matenda akufa ziwalo aja anamubwereranso mayiyo. Apa Livingstone anavomera kuti banja silingayende naye, ndipo pa 23 Epulo 1852 anawakweza sitima ku Cape Town kupita ku Britain. Zovala zokwerera sitimayo anawagulira ndi Oswell. Mary, amene anapirira chikungu ndi ludzu, anakasauka m'dziko lozizira limene silinali kwawo, akusamukasamuka m'nyumba zalendi ndi ana anayi, ndalama zosakwana, kwa zaka zinayi ndi theka, pamene mwamuna wake ankayenda kuchokera ku Luanda kudzera ku Tete mpaka ku Quelimane.

Kodi timuweruze bwanji bamboyu? Pali zomuikira kumbuyo, ndipo ndizinene. Kusiya banja ku Kolobeng sikunali kotetezeka, poti mu 1852 Mabunu anathira nkhondo Sechele n'kuphwasula nyumba ya Livingstone. Ankafuna malo okakhazikika, osati kungoona dziko. Ana ake ankawakonda. Zonsezi n'zoona. Komabe pofika 1851 anali ataika kale mwana m'manda, anali ataona nkhope ya mkazi wake itafa mbali imodzi, anali ndi kalata ya apongozi m'manja, ndipo Shobo anamuuza maso ndi maso za mwezi wopanda madzi. Kanayi konse anachenjezedwa. Ankati zonse wazisiya m'manja mwa Mulungu. Abusa muli pano mundikonze ngati ndalakwa, koma ine ndikuti munthu angapereke moyo wake kwa Mulungu mmene afunira, moyo wa mwana wa zaka ziwiri si wake woti aupereke. Ulendo wa banja mtunda wake amayesera pa wofooka wa onse, ndipo iye anayesera pa miyendo yake.

Chimene chimandipweteka koposa chinadza pambuyo. Mu 1857 anatulutsa buku la maulendo ake, Missionary Travels and Researches in South Africa, ndipo linagulidwa kwambiri. Za ludzu lija analembamo, sanabise. Koma wowerenga ankatseka bukulo ndi maganizo akuti njira ilipo, banja linadutsa, malungo ndi ogonjetseka. Akuluakulu a London Missionary Society anatuma mabanja awiri kwa Amakololo, la Holloway Helmore ndi mkazi wake Anne ndi ana anayi, ndi la Roger Price ndi mkazi wake Isabella, amene anachira khanda lawo ulendo uli mkati. Ananyamuka ku Kuruman mu Julaye 1859, chilimwe chikuyandikira. M'dziko lomwe lija Shobo anasokera, Anne Helmore ankagawira ana ake madzi ndi supuni. Anafika ku Linyanti mu Febuluwale 1860, nthawi ya madambo ndi udzudzu, akuyembekeza kuti Livingstone awapeza kumeneko ndi mankhwala. Iye anali kuno ku Shire ndi ku Tete. Pa anthu asanu ndi anayi a mabanja awiriwo, asanu ndi mmodzi anafa: Helmore, mkazi wake, ana awo awiri, khanda la Price, ndi Isabella amene anafera m'njira pobwerera. Atswana ena amene anawaperekeza anaferanso komweko, pakati pawo mphunzitsi Thabi. Anthuwa anatsata nkhani ya munthu amene anapulumuka, ndipo wopulumuka akamasimba, njira imafupika.

Kuchokera pamenepo nkhaniyi ikutsikira kwa ife. Anthu a Sekeletu, mwana wa Sebetwane, ndiwo anaperekeza Livingstone kutsika Zambezi, ndipo ena mwa amene anabwera naye mu 1860 anatsalira ku Shire n'kukhala mafumu. Kasisi, Katunga, Maseya ndi Mlilima a ku Chikwawa mizu yawo ili paubwenzi umene unayamba pa Chobe pamene panali Mary ndi ana. Sitima yoyamba imene inakwera Shire inkatchedwa Ma Robert, dzina limene Atswana ankamuitanira Mary. Mwini dzinalo anafika pa Zambezi kumayambiriro kwa 1862, atasiya ana asanu ku Britain, kuti akhalenso ndi mwamuna wake. Anakhala naye miyezi itatu. Malungo anamutenga pa Chupanga pa 27 Epulo 1862, ali ndi zaka 41. Robert, amene Sebetwane anamutumizira mkaka, anafera ku America mu 1864 ali mkaidi pa nkhondo yapachiweniweni ya kumeneko, ali ndi zaka 18. Livingstone anadzaponda gombe lathu la kum'mawa lino mu Ogasiti 1866, atadzera ku Rovuma ndi kwa Mataka ku Mwembe. Anasowa chombo chomuwolotsa, anazungulira kumwera wapansi, ndipo poyandikira pamene Shire amatulukira analemba zodandaula za manda a mkazi wake. Pa mishoni ya UMCA ija, William Percival Johnson anafika kuno mu 1882 ndi Charles Janson, amene anamwalira pagombe pomwe lino, ndipo pambuyo pake Augustine Ambali anagwira ntchito zaka zambiri pano pa Msumba.

Abale anga, ife maulendo a banja sitichita kuwawerenga m'mabuku. Mfuti za nkhondo yomenyera ufulu zitalira ku Kobwe mu Seputembala 1964, mabanja ambiri a kuno anawoloka usiku kupita ku Likoma, ena anayenda wapansi kulowera ku Tanzania. Nkhondo yachiwiri inatibalalitsanso mpaka pangano la mu Okutobala 1992. Muli pano amene munaberekedwa kumsana m'mapiri awa amayi anu atakutsekani pakamwa kuti musalire. Amenewo anathawa moto, sanachite kusankha. Koma tikamasimba za nthawi imeneyo timatchula akuluakulu a nkhondo ndi masiku a mapangano. Amene ankadziwa kasupe wobisika, amene anapalasa bwato mwera ukuwomba, agogo amene anatafunira mwana chinangwa chouma, mayina awo akupita m'manda pamodzi ndi eni ake, monga linapitira dzina la mayi wa pa Nchokotsa.

Ndipo maulendo osankha tokha sanathe. Azibambo athu ankapita ku migodi ndi bungwe la Wenela, ndege zake zikutera ku Francistown, kufupi ndi zigwa zomwezi, mpaka ngozi ya mu Epulo 1974 imene inapha anthu a ku Malawi oposa 70. Lero ana athu amapita ku Joni, ambiri kudzera ku Tete, Nyamapanda ndi Beitbridge, ena kudzera pa mlatho wa Kazungula umene unatsegulidwa mu 2021, n'kutsika msewu wa tala wodutsa ku Nata, m'mphepete mwa Sua. Mtunda umene ngolo inkayenda mwezi, basi imaudula tsiku limodzi. Koma amene alibe mapepala amatsika usiku, amadutsa m'tchire ndi mu Limpopo, nthawi zina mayi ali ndi mwana kumsana, atakhulupirira munthu amene walandira kale ndalama zake. Mu Malichi 2020, ku Tete konkuno, anthu 64 ochokera ku Ethiopia anapezeka atafa m'kontena ya lole chifukwa chosowa mpweya. Aliyense wa iwo anali atamva kwa wina kuti njira ilipo.

Tsono ndili ndi mapempho. Inu anyamata amene mumabwera mu Disembala ndi mafoni atsopano, mukakhala pansi ndi ang'ono anu ndi alamu anu, musayambe ndi malipiro. Yambani ndi usiku umene munagona m'tchire, madzi amene munasowa, mnzanu amene simunamuonenso. Inu abambo, mkazi akati mwana sangathe ulendowu, kapena apongozi akakuletsani, khalani pansi mumve kaye. Inu a Mothers' Union ndi achinyamata odziwa kulemba, tengani makope muyendere agogo amene anathawa nkhondo akadali moyo, mulembe njira imene anadzera, kumene anamwa madzi ndi dzina la amene anawatsogolera.

Ndipo inu aphunzitsi, mukafika pa mutu wa Livingstone, pabolodi pakhalenso mayina a Mary, Robert, Agnes, Thomas ndi Elizabeth, a Ramotobi ndi Shobo, a Anne Helmore ndi Thabi. Manda a Mary ali m'dziko lathu lomwe lino, pa Chupanga, m'boma la Marromeu ku Sofala, kugombe la kumwera kwa Zambezi. Aonetseni ana malowo pa mapu.